Matenda Amene Atelala Sanawayembekezere

Pakhonde la sitolo ya zitsulo panali makina osokera akuda, ndipo kuseri kwa makinawo kunkakhala mayi wina wojintcha, wamawu aakulu, amene msewu wonse unkangomutchula kuti Atelala. Osoka zovala analipo ambiri mumsewumo, koma munthu akati akupita kwa Atelala, aliyense ankadziwa kuti akunena iwowo. Pambali pawo, pa kampando kakafupi, mng'ono wawo ankaluka azimayi tsitsi. Awiriwa anakulira m'bulangete limodzi, ndipo ankakanganabe ngati ana, wina akuti tsitsi likumulowera m'makina, wina akuti tiziduswa ta nsalu tikumudetsera malo.

Atelala anapezeka ndi HIV mwana wawo wamkazi akadali kumsana. Bambo a mwanayo anamwalira chaka chomwecho. Masiku amenewo mng'ono wawoyo ndiye ankawasambitsa ndi kuwatembenuza, achibale atayamba kale kunong'onezana za amene adzalere wamasiyeyo. Koma atayamba mankhwala, Atelala anadzuka. Thupi linabwerera, mawu anabwerera, ndipo sanabise kanthu. Botolo la ma ARV linkakhala m'kadirowa ka makina, limodzi ndi mabatani ndi choko.

"Ine ndi kachilombo kanga tinagwirizana," ankatero uku akuluma ulusi. "Ndikakapatsa piritsi kamagona. Mwamuna uti angamvere chonchi?"

Azimayi ongopezeka kumene ndi kachilombo ankabwera ngati akufuna kusoketsa diresi, kenako misozi n'kuyamba tepi ili m'chiuno. Atelala sankachita nawo maliro. Ankangoti, "Ndikusiyirako malo m'mbalimu, chifukwa iwe ukayamba mankhwala unenepa." Ambiri ananenepadi.

Kuchipatala kumene Atelala ankatenga mankhwala kunali kachipinda ka katani yobiriwira, koyezera khomo la chiberekero. Namwino wina wamtali sankatopa kuwakumbutsa.

"Amayi, pali kachilombo kena, HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Ambiri thupi limakachotsa lokha, koma kwa amene ali ndi HIV kamakonda kukhazikika, ndipo kakakhalitsa kamayambitsa khansa. Lowani tikuoneni."

"Mwanawe, ine za amuna ndinaziiwala kalekale."

"Kamatha kukhala zaka zambiri kali phee."

"Mwezi wamawa. Lero mayunifolomu a ana asukulu akundidikira."

Kwa mng'ono wawo ndiye ankanena zenizeni. "Ine ndikagone chagada pamaso pa mwana wa msinkhu wa mwana wanga? Ndinapulumuka moto wolusa, lero ndiope phulusa?" Mng'onoyo ankaseka mpaka kugwetsa chipeso. Kuseka kumeneko kunadzamuwawa moyo wake wonse.

Magazi anayamba Atelala atasiya kale msambo. Sanauze munthu. Mng'ono wawo anangoona kuti pakhonde payera, tiziduswa ta nsalu sitikugweranso pansi. Atelala ankatitolera tonse m'jumbo n'kupita nato kunyumba. Anayamba kukhala chopendekera pampando, dzanja lili pamsana. Anayambanso kudzithira mafuta onunkhira, iwo amene ankanyoza atsikana kuti akununkha ngati sitolo ya sopo. Mng'onoyo anawaseka kuti mwina apeza chibwenzi. Iwo anangomwetulira.

Masana ena anaimirira kuti ayeze kasitomala, ndipo khushoni la pampando linali litanyowa, lofiira. Mng'onoyo anasiya mutu wa munthu uli pakati, n'kuvula nsalu yake kuwafunditsa m'chiuno.

"Achemwali, zayamba liti?"

"Usakuwe. Anthu akuona."

"Ndati zayamba liti?"

"Mvula yathayi isanayambe," anatero, maso ali pa makina.

Kuchipatala chachikulu anawayeza, nawauza kuti abwerenso zotsatira zikatuluka. Tsiku limenelo dokotala anawakhazika onse awiri pansi. Anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira kale moti opaleshoni singathandizenso.

"Koma adokotala, magazi anga ali bwino," anatero Atelala. "Kachilombo sikakuoneka n'komwe. Sindinadumphepo tsiku."

"N'zoona amayi, mankhwala mwamwa bwino kwambiri. Awa ndi matenda ena. Tikanawapeza akungoyamba, tikanawathetsa."

Atelala anagwedeza mutu ngati mwana amene walakwa mayeso omwe anawerengera.

Analandirako chithandizo chochepetsa magazi ndi ululu, koma thupi lija linkangotha. Mng'ono wawo anawatengera kwake, kumene ankakhala ndi kamtsikana kake, n'kuwagoneka m'chipinda cha zenera loyang'ana pachingwe choyanikira zovala. Mwana wa Atelala uja, amene tsopano anali mphunzitsi, ankabwera akaweruka, n'kumachapa nsalu akulira mwakachetechete kuseri kwa nyumba. Chimene chinkamudya mtima mng'onoyo sichinali kuonda. Kuonda anali atakuonapo. Chinali chakuti munthu amene ankanena za HIV pamsewu ngati akunena za chimfine, tsopano ankabisala. Azimayi amene anawalimbitsa mtima aja akabwera kudzawazonda, ankanong'oneza kuti, "Uwauze ndagona. Asamve fungoli."

Piritsi lawo ankamwabe m'mawa uliwonse, ngakhale madzi enieniwo akuvuta kumeza.

Tsiku lina mng'onoyo akuwapaka mafuta m'mapazi, Atelala anatsegula maso.

"Iwe, m'kachipinda kaja unalowamo?"

"Ine paja ndilibe kachilombo, achemwali."

"Chiberekero uli nacho. Usandiyankhe ngati ine. Umutengenso mphunzitsiyu. Ndipo kamtsikana kako kakabayitse katemera wa HPV, kasanakule."

"Ndamva."

"Wamva ndi makutu kapena ukungondigoneka?"

"Ndamva, mwana wa amayi."

Anamwalira m'mawa wina kunja kukuwala bwino, mng'ono wawo akuwapukuta nkhope. Anangotsamira pachifuwa pake, n'kulemera.

Panapita miyezi mng'onoyo asanalimbe mtima. Atapita kukayezetsa, anapeza namwino wamtali yemwe uja, amene anamuzindikira koma sanamufunse kanthu. Anagona chagada, maso kudenga. Patapita kanthawi namwinoyo anati waona kamalo kakang'ono kamene kayamba kusintha.

"Si khansa ayi, koma tikakasiya kangathe kudzasanduka. Tikawotche lero lomwe, ngati mwalola."

Analola. Anamva kupotokola m'mimba ngati kwa msambo, ndipo asanamalize n'komwe pemphero limene anayamba, namwinoyo anali akuvula magolovesi.

"Valani, amayi. Mudzabwerenso chaka chamawa tidzaone."

"Basi?"

"Basi."

"Zonsezi n'zomwezi basi?"

Namwinoyo anayang'ana pansi. Mng'onoyo anakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi ili m'manja, n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Panja, azimayi amene ankadikira pabenchi anayang'anizana mwamantha, poganiza kuti mnzawo wauzidwa zoipa. Mmodzi ananyamula chikwama chake kuti azipita. Mng'onoyo potuluka anakumana naye pakhomo, n'kumugwira mkono mwamphamvu.

"Khalani pansi, mayi," anatero mamina ali chuchuchu. "Sizipweteka. Khalani pansi."