Suti yoyera m'matope a ku Chisi

Tinali atatu, ndipo wanzeru panalibe. Ine ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene pasukulu ya mishoni kwa Mwambo, wina anali wokonza njinga, ndipo wachitatu, mwini ulendo, anali telala wa pakhonde la sitolo ina. Telalayu anali Msilamu, ife awiri Akhristu, koma pa zachibwana tinali a mpingo umodzi. Zaka zake ndi zija Chitaganya chitangoyamba, akuluakulu akukangana za ndale, ife tikukangana za atsikana.

Telala anakopeka ndi mtsikana wa pachilumba cha Chisi amene ankabwera kumtunda kudzasoketsa zovala. Anamufunsira, mtsikana analola, chikole analandira. Chotsala kunali kukaonekera kwa makolo ake, amuone mnyamatayo asanatumize ankhoswe. Akakamukana kumeneko, nkhani yathera pomwepo. Ndiye anatipempha kuti timuperekeze Loweruka, tikagone komweko, tibwerere Lamulungu.

Anadzisokera suti yoyera mbee, ndipo nsapato zake za nsalu anazipaka choko changa cha kusukulu. Tinanyamuka m'mamawa pa njinga ziwiri, iye atakhala pakaliyala, miyendo atatangadza kuopa mafuta a tcheni. Njira yonse tinkaimba, kulizira belu amayi opita kudimba, kuseka chilichonse, ngakhale mbuzi yongodzidyera udzu. Mpaka lero sindidziwa chimene chinatilowa tsiku limenelo. Ndinali wokondwa ngati wokwatirayo ndine.

Njinga tinazisiya padoko n'kukwera bwato la mkulu wina wosalankhulalankhula. Tonse atatu tinali ana a kumunda, nyanja tinkangoidziwira m'mbale, pa matemba ndi milamba. Nyanja ya Chilwa si yakuya, moti mkuluyo ankangokankha bwato ndi nsungwi yaitali. Tinadutsa m'kanjira ka m'mabango, kenako tinangoti tulukiru pamadzi otambalala, amtundu wa tiyi wamkaka, mapiri a Chisi ali patsogolo. Wokonza njinga anakuwa ndi chimwemwe mpaka akakowa anauluka. Mwini bwato anangoti, "Mukagwedezanso, musambira."

Inali nyengo yotentha, madzi ataphwera. Titayandikira chilumba, bwato linakhula pansi n'kuima, mtunda ukadali chapatali ndithu.

"Lathera pano," anatero mkuluyo. "Tsikirani mbali ino, n'kolimba."

Ife awiri tinamvera. Telala, maso ali kumtunda kufunafuna bwenzi lake, anakoleka nsapato m'khosi, napinda buluku, n'kudumphira mbali inayo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Matope anamumeza mpaka m'ntchafu. Akazula mwendo uwu, winawo umalowa. Anayamba kukuwa kuti akumira, pamene madzi sanafike n'komwe m'chiuno. Ndikuulula tchimo langa: sitinamuthandize. Tinaseka mpaka misozi, manja opanda mphamvu.

Panali mayi wina wojintcha, wa msinkhu wa amayi athu, amene ankatsuka miphika m'mbali mwa madzi. Anatiyang'ana, napukusa mutu, namangitsa nsalu yake n'kulowa m'madzimo. Anamugwira telala m'khwapa n'kumuzula ngati chinangwa. Kenako anamupatsa msana.

"Kwerani, bambo. Mapazi anuwa ndi a pamakina."

Anakwera. Munthu wandevu zake, pamsana pa mayi wosamudziwa! Mantha atangomuchoka, pakamwa panatseguka, ndipo ife tikuyenda pambuyo tinamva zonse.

"Mayi, Mulungu akudalitseni! Mukudziwa amene mwabereka? Mkamwini wa pachilumba pano ameneyu. Mtsikana wokongola kuposa onse kuno ndi wanga. Ndingomusowa tsiku limodzi, msoko umapita mokhota." Anatchula dzina la mtsikanayo, n'kutsitsa mawu pang'ono. "Koma tandiuzeni, mayi. Akuti amayi ake ndi aukali, pakamwa ngati tsabola. Eti n'zoona?"

"N'zoona, bambo," anayankha mayiyo. "Gwiritsitsani."

Anamutula pouma, natola miphika yake n'kumapita.

Suti tinaichapa n'kuiyanika pathanthwe. Podikira kuti iume, ine ndi wokonza njinga tinakwera kaphiri, tikugenda malambe ndi kudya ufa wake mpaka mano kuyayamira. Pamwamba pake nyanja inkaoneka mbali zonse, ndipo tinkaitana telala amene anabisala pansi pa mtengo atafunda nsalu yobwereka. Sutiyo inauma, koma kuyambira m'ntchafu kutsika inasanduka yofiirira.

Dzuwa litapendeka tinafika pakhomo. Anatilandira ndi atsibweni a mtsikanayo, bambo wofatsa wa kofia yoyera, natikhazika pamphasa. Amayi a mtsikanayo sanaonekere, monga mwa mwambo: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Anakhala kuseri kwa mpanda wa bango. Telala anakhala mwaulemu, maso pansi, akuyankha mafunso ndi timawu tochepa ngati mwana wa ku madrasa. Zinkayenda bwino kwambiri. Kenako kuseri kwa mpanda kunamveka mawu.

"Achimwene, tawafunsani alendowo ngati suti ija yauma."

Mawuwo tonse tinawazindikira. Telala thukuta linangoti kamukamu. Wokonza njinga anayamba kutsokomola bodza, ine ndinaluma mkono wa malaya. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa telala unamutsogolera n'kukamudikira pakhomo.

Atsibweni anati yankho timva mawa. Titangolowa m'gowelo m'mene anatikonzera malo, telala anati tithawe. Tithawire kuti, pachilumba? Bwato linali la mawa masana. Mpunga wa kumeneko ndi nsomba za makumba zowamba tinadya awiri, telala osakhudza. Akangotsegula pakamwa kuti adandaule, wokonza njinga ankati, "Gwiritsitsani, bambo," ndipo tinkagubuduka pamphasa. Koma nditamuona akupukuta maso ndi kolala ya suti yake yowonongekayo, kuseka kunandithera. Mnzathuyo ankamukondadi mtsikana uja.

Lamulungu m'mawa tinakhalanso pamphasa pomwe paja. Atsibweni anayamba kuzungulira ndi miyambi, koma mlongo wawo anawadula kuchokera kuseri kwa mpanda.

"Achimwene, auzeni kuti ukaliwo ndi woona, ndipo adzaulawa. Koma ndawanyamula ndekha, ndamva kulemera kwawo. Munthu wokhuthula zam'mimba zonse kwa mayi wosamudziwa alibe pobisa bodza. Mwana wanga sadzanamizidwa. Atume ankhoswe."

Wokonza njinga analulutira ngati mzimayi. Telala anagwada kuyang'ana mpanda n'kuyamba kuomba m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anafuna kupepesa, koma atsibweni anamugwira phewa n'kumuuza kuti kuyambira tsopano mawu onse opita kuseriko azidzera mwa iwo. Pobwerera tinaimba nyanja yonse, ndipo mwini bwato sanatiletse.

Telala anakwatira, nasamutsira makina ake pachilumbapo, nakhala mkamwini wosunga mwambo koposa onse. Zaka zonsezo sanawayang'anenso kumaso apongozi akewo. Ankawasokera zovala poyeza ndi chingwe chimene mkazi wake ankabweretsa. Mayiwo atamwalira ndinawoloka kukapepesa maliro, tonse tili ndi imvi. Ndinamukumbutsa za matope aja ndikuganiza kuti aseka.

"Aphunzitsi," anatero, "moyo wonse ndinacheza nawo kamodzi kokha, pamsana paja. Ndipo kamodzi komweko ndinawanyoza."