A Makala ndi Nkhope ya Achemwali

Alamu anga anthu amawatcha a Makala chifukwa zala zawo sizinayerepo. Kwa zaka khumi ndi zitatu akhala akujambula timabuku ta nthano za zithunzi, tija mawu a munthu amakhala m'kathumba pamwamba pa mutu wake. Nkhani yawo ndi imodzimodzi, ya ku Gehena, poti mwini makina osindikizira anaona kalekale kuti moto umayenda malonda kuposa angelo.

Gehena wa alamu anali wakewake. Munali mizere yaitali pawindo lotseka, mipope yotulutsa phulusa, ndi ziwanda zovala tayi zouza akufa kuti abwerenso mawa. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Vuto lawo linali limodzi. Moto ankaupeka, koma nkhope ya munthu sankatha kuijambula osaiona. Choncho telala wapakona anapsa m'buku lachitatu, eni nyumba anapsa kawiri. Ngakhale ine ndinalowamo ndi mphuno yangayi, ndipo sindinawalankhule mwezi wathunthu. Achemwali anga okha, akazi awo, ndi amene anakaniratu. "Bambo a mwana, ine musandiyerekeze," ankatero.

Chaka chatha achemwali anadwala m'mimba. Tebulo lojambulira linali m'chipinda chomwecho, kumiyendo kwa bedi, poti windo labwino linali pomwepo. Tsiku lina masana ndinabwera ndi mankhwala, n'kupeza ululu wawapinda achemwali pakati, pakamwa patapotoka. Alamu anali ndi tsamba lofuna mayi wolira m'dzenje la moto, ndipo maso awo ankapita pabedi n'kubwerera papepala.

"Alamu, mukuchita chiyani?" ndinafunsa.

"Ndifufuta, mlamu. Dzanja langoyamba lokha."

Sanafufute. Mwini makina anati nkhope yotere sanaionepo, n'kuiika pachikuto penipeni. Bukulo linatuluka patatha milungu iwiri chiikireni maliro a achemwali. Ndinawada alamu tsiku limenelo, ndipo sindibisa.

Mwana wawo ndi mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi. Bukulo analiona kusukulu m'manja mwa anzake. Anafika nalo kunyumba, yunifolomu osavula, n'kuliika patebulo pamaso pa bambo ake.

"Ababa, amayi analakwa chiyani?"

"Ndi nthano chabe, mwanangu."

"Ndiye atulutsenimo."

Madzulo ake mwanayo analongedza zovala m'chikwama cha kusukulu n'kubwera kwanga. Anati adzabwerera tsiku limene bambo ake adzajambule mayi ake ali pabwino.

Pano yatha miyezi isanu. Alamu anasiya za Gehena, mwini makina anapeza wina wojambula. Alamu amangokhala patebulo paja kujambula mitengo ya mthunzi, udzu wofewa ndi mpando. Akafika pankhope, dzanja limaima. Achemwali sankakonda kujambulidwa, ndipo chithunzi chawo chimodzi cha ukwati chinaonongeka ndi denga lodontha. Nkhope yawo yotsala padziko pano ndi ya pachikuto ija. Akayesa kutengera pomwepo, mayi amakhala pamthunzi koma pakamwa pakulirabe. Anandipemphanso kuti ndikhale pampando poti ine ndi achemwali ndife a mimba imodzi, koma amene anatuluka papepala ndi ine. Madzi akatayika saoleka. Mkwiyo wanga unatha, chatsala ndi chisoni chokhachokha.

Dzulo alamu anabwera kwanga atameta, atavala malaya ositidwa, pepala lili mu envelopu. Anajambula mayi atakhala pansi pa mtengo, atamanga duku lija achemwali ankalikonda, koma atapereka msana, akuyang'ana kuphiri. Mwana analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kusisita dukulo ndi chala.

"Auzeni atembenuke, ababa," anatero.

Alamu anatulutsa pensulo m'thumba, n'kuigwira pamwamba pa pepalalo. Anakhala choncho pakhonde mpaka mwana anatopa kudikira, n'kulowa m'nyumba.