M'dengu Mwanga Mulibe Timitengo

Lachiwiri lapitali mayi anga anandidulira malipiro pakati. Sanakhudze foni yanga, sanayankhule ndi bwana aliyense. Anangokhala pakhonde akusenda nandolo, n'kundifunsa funso limodzi.

Amene mumandiwerenga mukudziwa kuti ndimadya za ganyu wolemba. Ndilibe ofesi, ndilibe bwana mmodzi. Uyu akufuna nkhani ya m'magazini, uyo lipoti, winanso mawu okayankhula paukwati. Ndimalemba, amandilipira, timasiyana. Kuno ku Masambanjati amanditcha lova wa laputopu. Ngakhale mayi, amene anathyola tiyi kuesiteti mpaka msana unakana, akafunsidwa za ine amangoti, "Ali konko, akuyesayesa." Mawu amenewo amandibaya, sindibisa.

Mkonzi wa magazini ina ku Blantyre anandipatsa ganyu wolemba za mayi wothyola tiyi. Malipiro ake ndi owerengera mawu: akachuluka mawu, ichulukanso ndalama. Ndinasankha a Esinati, anzawo a mayi a kalekale, ndipo ndinawatsatira m'munda tsiku lathunthu mpaka nsapato zanga zinasanduka dothi lofiira.

Ndili ndi chizolowezi chowerenga nkhani mokweza ndisanatumize, chifukwa khutu limagwira zimene diso lalumpha. Lachiwiri lija omvera anga anali mayi. Ndinawerenga bwinobwino mpaka pamene ndinalemba kuti misozi ya a Esinati imagwera pamasamba a tiyi m'mawa uliwonse.

"Taima kaye," anatero mayi. "Esinati unamuona akulira?"

"Ayi, amayi, koma..."

"Nanga misoziyo waitenga kuti?"

"Ndi mmene timalembera, amayi. Akonzi amafuna nkhani yogwira mtima. Komanso mawu amayenera kukwana."

"Ooo! Timitengo timeneto."

Inu a m'tauni, amene tiyi mumamudziwira m'kapu, ndikufotokozereni. Wothyola amayenera kutenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, basi. Koma malipiro amayendera makilo, ndiye ena amaponya masamba okhwima ndi timitengo pansi padengu, n'kuphimba ndi anthete pamwamba. Kusikelo kapitawo amapisa dzanja mpaka pansi. Akapeza zoterozo, dengu lonse amalikhuthulira pansi kuti mwini wake asankhe, anzake akuonerera.

"Zaka zonse zija dengu langa silinakhuthulidwepo," anatero mayi, nandolo ali m'manja. "Ndiye iwe ukufuna Lamulungu ndikakhale benchi imodzi ndi Esinati, mwana wake atamuwerengera zoti amalira m'munda? Munthu woti nyimbo za m'laini ya othyola amayambitsa ndi iyeyo? Ndikayang'ana kuti ine?"

Ndinapsa mtima. Ndinalowa m'nyumba ndikung'ung'udza kuti munthu woti sanalembepo nkhani asandiphunzitse ntchito. Koma nditakhala pansi n'kupisa dzanja m'dengu mwanga, ndinachita manyazi. Misozi inalimo. Dzuwa lolowa mwachisoni linalimo, chikhalirecho tsiku lonselo kunali nkhungu ndi mvula yowaza. Munali ndime yonse yofotokoza umphawi wa dziko lathu, imene sinkawadziwa n'komwe a Esinati.

Ndinachotsa zonsezo. Zinatsala zimene ndinaona ndi maso anga: zala zong'aluka, pulasitiki yomanga m'chiuno pothawa mame, manja awiri othamanga osayang'anana, dandaulo lawo loti malipiro sakwana mwezi, ndi nyumba ya malata imene anaifolera ndi zala zomwezo. Nkhani inatsala theka. Ndalama nayonso, mwadziwa kale.

Mkonzi anaimba foni Lachitatu.

"Achemwali, bwanji nkhaniyi yafupika chonchi? Chisoni chija chili kuti? Owerenga athu amafuna amve kuwawa."

"Kuwawa kulimo, bwana. Koma kokhako kumene mayiwo anandionetsa."

"Chabwino, tiona."

Mpaka pano sanaimbenso. Mwina aitulutsa, mwina ganyu wotsatira apatsa wina wamisozi yambiri. Pantchito yathuyi fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo uyu sanafike pamphuno.

Koma ndifunseko anzanga olembera ndalama: ndi angati mwa ife amene timapisa dzanja m'madengu mwathu? Taonani malipoti amene timalembera mabungwe. Munthu wa ku Thyolo akalowamo, amalowa akulira. Wa ku Thekerani saseka, wa ku Nchilamwela sagula wailesi, aliyense amangoyang'ana kumwamba kudikira thandizo. Kodi anthu amenewa tinawaona kuti? Kapena tinangoona kuti misozi imalemera pasikelo?

Sindikunena kuti mavuto kulibe. Ndinakulira m'nyumba za kuesiteti, ndikudziwa mwezi umene ndiwo zimathera pakati. Koma mavuto enieni safuna kuthiridwa madzi kuti alemere. Ndipo munthu amene wakupatsa tsiku lake, n'kukutsegulira mtima wake, sanakupatse chilolezo chomuveka nkhope ya wina.

Vuto lathu ife aganyu n'loti tilibe kapitawo. Mkonzi ali kutali, sanapondepo m'mundamo. Owerenga sangatsutse. Woyang'anira dengu ndiwe mwini wake, ndipo pamenepo m'pamene ndimanyadira ntchitoyi. Kusankha mawu ndi luso, monga kusankha masamba. Kudziwa choti usiye pamtengo ndi luso loposa apo.

Lachisanu ndinaperekeza mayi kumsika. Mayi wina wogulitsa nthochi, amene nkhani za eni sizimupita, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi mwana wanuyu sanapezebe ntchito eti?"

Ndinayembekezera "akuyesayesa" uja. Mayi anga anakonza chitenje, n'kuyankha mokweza mwakuti ngakhale wa kabaza anatembenuka.

"Ali pantchito ameneyu. Amalemba. Ndipo m'dengu mwake mulibe timitengo, ndinapisamo dzanja ndekha."

Ndalemba zaka zingapo, ndalandira malipiro aakulu ndi aang'ono, koma sindinayendepo modzimva ngati mmene ndinayendera pochoka pamsika paja, nthochi zili pamutu. Theka la ndalama lija mkonzi akhale nalo.

Nanga inu, kaya mumalemba, kaya mumasoka, kaya mumamanga nyumba za eni: mayi anu atapisa dzanja mpaka pansi padengu lanu lero, angakatchule dzina lanu mokweza pamsika?