Chala Changa ndi Maungu a Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwapulidwa chifukwa cha maungu. Ndinali ndi zaka khumi, kwathu kufupi ndi Kandeu.

Chaka chimenecho amalume anabwera kuchokera ku mafamu a ku Joni ndi mpope wopopera mankhwala komanso matama osaneneka. Munda wa amayi sunawasangalatse. M'malire mwake munali chisoso, deliya, mpungabwi ndi timaluwa tina tomera tokha, ndipo dzuwa likatentha njuchi zinkachita kusokosera. "Achemwali, ndi munda uwu kapena dzala?" anafunsa amalumewo. Anatchetcha zonse n'kutentha, kenaka n'kupopera chimanga ndi maungu omwe, maluwa ali chitsegukire. Chifungo chake chinandikhala pammero masiku atatu.

Maungu ndiwo ankatiwolotsa mwezi wa njala, nkhokwe ikakhala mbee. Koma ulendo uno timaungu tinkangotuluka, n'kuchita chikasu, n'kuthothoka. Kwathu amati dzungu laling'ono saliloza ndi chala, limafota. Tsoka ilo, amalume anali atandionapo ndikuwerenga timaunguto ndi chala. Mlandu unathera pomwepo. Amayi anathyola nthambi ya pichesi, ine n'kulira mpaka mawu kusasa, amalumewo ali pampando akutokosa m'mano. Kumunda anandiletsa, ndipo anzanga anayamba kunditchula kuti Kachala. Mbale ikabwera yosadzaza, abale anga ankayang'ana ine.

Anandiwombola ndi a Nangozo, mayi wa kutsidya kwa mtsinje amene anthu ankawanena ulesi chifukwa cha thengo la m'malire mwa munda wawo. Kwa iwo maungu anali mbwee. Atamva za ine, anabwera kumunda kwathu m'mamawa wina amalume atangopoperanso, n'kumawerama pa duwa lililonse. Pa lina anatulutsamo njuchi yakufa, n'kuiika m'manja mwa amayi, nati:

"Mwanayu munamumenyeranji? Dzungu silikhwima njuchi isanalowe m'duwa. Chakudya cha njuchi munatentha, zotsalazo mwazipha. Mumati akuberekereni ndani?"

Amalume anaseka, akuti a Nangozo sanaonepo famu yeniyeni. Kuseka kumeneko n'kumene kunandinyansa koposa ndodo. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kubisala kuseri kwa chala cha mwana.

Lero ndili ndi munda wanga. M'malire ndimasiya chisoso ndi deliya kuti zichite maluwa, ndipo mbewu zikakhala pa maluwa mpope sindiukhudza. Odutsa amati ndine waulesi, ine ndimangowayang'ana. Ndinadzazindikira kuti pamudzi zinthu zikalakwika, mlandu umagwera amene sangayankhe, pamene wolakwa weniweni wavala jekete. Amayi anadzandipepesa ndili kale ndi ana anga, misozi ili m'maso. Amalume tinawaika m'manda asananene kanthu, ndipo pamaliro awo ine sindinalire.