Mfuti ya Phewa Lamanzere

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai inali yaulonda pa geti la kalabu ina yowombera mfuti, kupitirira Jebel Ali, kumene nyumba zitalizitali zimathera n'kuyamba mchenga. Ndinkaima pamenepo tsiku lathunthu, kuona makadi a anthu, kukweza chitsulo kuti galimoto ilowe, kuchitsitsanso. Kumbuyo kwanga mfuti zinkalira kuyambira m'mawa, koma zimene ankawomberazo ndinkangozionera patali. Tinali timbale tadothi timene makina ankaponya m'mwamba kuti tiziuluka ngati mbalame yodzidzimutsidwa. Ena mwa owomberawo anali a masewera basi, anthu a m'maofesi a ku Jumeirah Lake Towers odzachotsa kutopa. Ena ankabwera kudzanola diso, chifukwa nyengo ikakwana ankakwera ndege kukasaka mbalame zenizeni kumayiko kumene n'zololedwa.

Chaka changa chachitatu, kampani yathu yaulonda inatiuza kuti kontirakiti ya pakalabupo ikutha ndipo kwina kotipititsa kulibe. Tanthauzo lake aliyense ankalidziwa: viza ikutha, nayi tikiti, kwanu. Ine ndinali ndi ana atatu pasukulu ku Kasungu, wamkuluyo atangosankhidwa kumene kupita kusekondale yogonera konko. Ndinamuimbira mkazi wanga n'kumuuza zoona, kuti mwina ndikubwera, ndipo ndikubwera wopanda ntchito. Anangoti, "Tiona, bambo a ana," koma ndinamva mmene anapumira.

Pasanathe nthawi akuluakulu a kalabu analengeza kuti akufuna anthu awiri oti aziima ndi alendo powombera, kuwapatsa zipolopolo ndi kuonetsetsa kuti mpope wa mfuti sukuloza munthu. Anati nafenso alonda tikhoza kuyesa mwayi. Atiphunzitsa milungu ingapo, kenako mayeso: malamulo a chitetezo pakamwa, ndiye kuwombera. Ananenetsa kuti munthu wolephera kuswa timbale sangaime kumbuyo kwa mlendo n'kumamuuza zochita.

Ine ndinaona kuti ntchitoyo ndi yanga kale. Kwathu ndikukula ndinali katswiri wa legeni. Njiwa, pumbwa, nkhwali, zonse zinkandidziwa. Ndinaifotokoza mbiri imeneyi m'chipinda chathu kukampu ya antchito, ndipo mnzanga wogona bedi lapamwamba, bambo wa ku Chipata wa pakamwa posatopa, anaimvetsera bwinobwino n'kuisunga.

Mphunzitsi wathu anali bambo wofatsa wa ku Philippines. Tsiku loyamba anatindandalika n'kufunsa aliyense dzanja limene amagwiritsa ntchito. Ine ndinati lamanja, ndipo sindinaname. Ndimalembera lamanja, kudyera lamanja, kupereka moni lamanja. Anandipatsa mfuti ya mpope umodzi, ija imadzilowetsa yokha chipolopolo china ukawombera, ndinailandira ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira kulandira chinthu kwa wamkulu, n'kuikhazika paphewa lamanja.

Kambale koyamba kanauluka, ndinawombera, kanapitiriza ulendo wake. Kachiwiri chimodzimodzi. Timbale tonse tatsiku limenelo tinakatera pamchenga tili tamtunthu, moti akanatha kutitola n'kutibwezera m'makina. Mphunzitsi anati ndikuwombera kumanzere kwa kambale nthawi zonse, ndipo vuto ndi diso langa lamanzere, likulanda ntchito ya linzake. Anamata kapepala pagalasi lamanzere la magalasi otetezera maso aja. Zinasinthako pang'ono, ndinayamba kuswa kamodzi apa ndi apo, koma mfutiyo inkandikhalabe ngati khasu lobwereka. Phewa linatupa, tsaya linada.

"Manje iwe mudala," anatero mnzanga wa ku Chipata uja akundiona ndikudzithowa ndi madzi ofunda, "nkhwali zija unali kupaya ku Malawi zinali zomanga na ntambo?"

Chipinda chonse chinaseka, nanenso ndinaseka, koma mumtima ndinali ndi mantha enieni. Tinali anthu angapo olimbirana malo awiri, ndipo ine ndinali kumapeto.

Kuseri kwa malo owomberawo kunali kachipinda kokonzera mfuti, konunkha oyilo ndi utuchi. Munkakhala madala ena a ku Pakistan, a ndevu zoyera, amene aliyense ankawaitana kuti ustadi, kutanthauza mmisiri. Zaka zonse zija ndinkawatsegulira geti, koma sitinalankhulanepo kuposa moni. Masana ena nditamaliza kuphonya timbale tanga, ndinatumidwa kukabweza mfuti kwa iwo. Ndinaiika patebulo, ndinathokoza, ndinatembenuka. Ndili pakhomo anandiitana. Potembenuka ndinaona nachesi ili m'malere ikubwera kumaso kwanga. Ndinaiwakha.

"Taona dzanja limene wagwirira," anatero.

Inali m'dzanja lamanzere. Ndinaisamutsira msanga kumanja, manyazi atandigwira ngati andipeza ndikutola ndiwo mumphika. Madalawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Anakumanga ndani dzanja, amayi ako kapena aphunzitsi?"

Nkhaniyo ndinali nditaiiwala. Anali azakhali anga, amene anandilera. Ndili wamng'ono ankandiveka sokosi kudzanja lamanzere nthawi ya chakudya, kuti ndisamachititse manyazi pa anthu. Kusukulu aphunzitsi anamaliza ntchitoyo ndi rula pazala. Sankandida ayi. Kwathu mwana wolandira chinthu ndi lamanzere ndi mwana wosaleredwa, ndipo iwo ankafuna ndikhale munthu pakati pa anthu. Zinatheka ndithu, moti ndinakula ndikudziwa kuti ndine wamanja. Koma legeni ndinkaponyera kutchire, kopanda wondiona. Nditaima m'kachipinda muja ndinakweza manja ngati ndagwira legeni, ndipo dzanja lamanzere ndi limene linakoka mphira kufika patsaya lamanzere.

"Kwathunso timatero," anatero ustadi. "Ine mdzukulu wanga ndimamukalipira akadyera lamanzere. Koma zimenezo ndi za chakudya ndi moni, bhai, mnzanga. Za phewa la mfuti palibe analamulapo. Mawa ubwere usanapite kowombera."

M'mawa mwake ndinapeza atayala mfuti zingapo patebulo. Anati mfuti sasankha ndi maso, ndipo ndisayang'ane zokongoletsa zojambulidwa pazitsulo. Anayamba ndi ya mpope umodzi ija ndinkaphunzirira. Anandionetsa kabowo ka kumanja kotulukira khoko la chipolopolo ukawombera. Ukaiika paphewa lamanzere, khoko lotenthalo limadutsa pamphuno pako penipeni ndi utsi wake. Anaikankhira pambali.

Yachiwiri inali ya mipope iwiri yogona limodzi, wina kumanja wina kumanzere. Inali yopepuka, yokongola, ndipo ndinaikonda pomwepo. Anati imeneyo ndi ya anthu oyenda tsiku lonse m'tchire kufuna nkhwali, owombera kangapo basi. Pa timbale, pamene umawombera mosalekeza, imatentha manja ndi kumenya phewa, ndipo diso la wophunzira limasochera pa kufutukuka kwa mipopeyo. Anailanda m'manja mwanga ndikuiyang'anabe.

Zotsalazo zinali za mipope iwiri yosanjikizana, wina pamwamba wina pansi. Mtundu umenewu, anati, diso limaona mzere umodzi wokha. Ukaithyola pakati makoko amatulukira kumbuyo, sasankha wamanja kapena wamanzere, ndipo munthu aliyense ali patali amaona kuti ndi yotsegula, mulibe kanthu. Panali ina yaifupi yopepuka, ya osaka mbalame, ndi ina yaitali yolemera, ya ampikisano. Yopepukayo inkandithamangira m'manja, yolemerayo inkanditopetsa ndisanaikweze kokwanira. Tinatsala ndi ina yapakatikati, yakale, mtengo wake utayera m'malo ogwira. Anati imeneyo ikhoza kuswa timbale lero n'kukagwetsa njiwa mawa, ndipo alendo saisankha chifukwa siwala.

Anaithyola, tinasuzumira tonse awiri m'mipope, munalibe kanthu. Kenako anakaima patsogolo panga n'kundiuza kuti nditsinzine, ndiikweze paphewa lamanzere, ndiloze diso lawo. Ndinakana. Milungu yonse ija ankatiimbira nyimbo imodzi, yoti mpope suloza munthu.

"Wachita bwino kukana," anatero. "Kunja uko uzikana choncho, ngakhale akuuze ndi bwana. Muno mokha, ndi ine ndekha, titaona tonse kuti mulibe kanthu. Yalla, tiye."

Ndinatsinzina, ndinakweza. Mfuti inafika paphewa yokha, popanda kuifunira malo. Thupi langa linaidziwa njira imeneyo. Nditatsegula maso ndinaona kuti diso langa lili pambali pang'ono pa mzere wa mpope. Ustadi anagwedeza mutu n'kundionetsa chifukwa chake. Mtengo wa mfuti, uja umakhala paphewa, amaukhotetsa pang'ono kufakitale kuti ukomere munthu wamanja, ndipo mfuti zonse za pakalabupo zinali zotero. Ndinafunsa ngati ndiye kuti zakanika. Anati ndipite, ndizikaphunzira kaimidwe ka wamanzere ndi mfuti yomweyo, zinazo ndiwasiyire.

Zimene anachita ndinaziona ndi maso anga masiku otsatira. Anakapempha chilolezo kwa bwana wa kalabu, chifukwa mtengo ukaukhotetsa suubweza mwachisawawa, ukhoza kuthyoka. Anatuma dalaivala ku Ras Al Khor kukagula nyale ziwiri zotenthetsera, zija amaumitsira penti wa galimoto. Anamanga mfuti pa vaisi, chitsulo chopanira chija, anakulunga nsalu pakhosi pa mtengowo, n'kumathira mafuta otentha pang'onopang'ono nyale zikuwomba. Mtengo utafewa ankaukankha ndi sikuluu, pang'ono, n'kudikira, pang'ono, n'kudikira, khutu lili pafupi kumvetsera ngati ukulira. Kachipindako kanatentha ngati uvuni, iwo thukuta lili kamukamu m'ndevu. Sanali m'bale wanga, sanali wa mpingo wanga, dzina langa lenileni ankalitchula molakwika. Ndinaima pakhomo ndikusowa poika manja, ndipo misozi inalengeza.

Mtengo utazizira n'kugwira, ndinapita nayo kowombera. Mphunzitsi anachotsa kapepala kaja pagalasi, anandikonza mapazi, n'kuima kumbuyo. Ndinaitana kambale. Sindikumbuka kuti ndinaloza. Ndinangokatsata ndi maso onse awiri monga ndinkatsatira njiwa, ndipo kanasanduka fumbi m'mwamba. Ndinasangalala ngati mwana. Sikuti kuyambira pamenepo ndinasiya kuphonya. Chala chamanzere chinali chisanazolowere, ndipo kachitsulo kotsegulira mfuti kanali kokomera wamanja, ndinkalimbana nako. Koma tsopano ndikaphonya ndinkadziwa chimene ndaphonyera.

Mnzanga wa ku Chipata atamva anati, "Kanshi zaka zonse izi tigona na munthu wamanzere osadziba? Ndiye chifukwa ma saluti yako yaulonda yanali yokhota." Iye mayesowo sanalowe nawo, anati mfuti amaziopa. Anali atayamba kale kulongedza.

Mpaka lero mfuti imeneyo ili pa shelefu yapansi m'kachipinda ka ustadi, ndipo alendo amanzere akabwera ndimakawatengera. Ndisanampatse munthu mfuti iliyonse sindimufunsa dzanja lolembera. Ndimamuuza aloze chinthu chakutali ndi chala, atsinzine diso ili kenako ilo, tione limene likulamulira. Ambiri ochokera kumayiko athu ano ndi ku Asia amadabwa monga ndinadabwira ine.

Tsiku la mayeso kunali kamphepo konyamula mchenga. Za malamulo ndinayankha bwino. Pa kuwombera, timbale toyambirira tinandipulumuka, ndipo ndinayamba kuona bwalo la ndege m'maganizo. Ndinathyola mfuti, ndinapukuta manja pabuluku, ndinaitsekanso. Zitatero timbale tinayamba kusweka. Sindinakhale woyamba. Woyamba anali mnyamata wa ku Nepal amene kale anali msilikali. Bwana anatchula iyeyo, anayang'ana papepala lake nthawi yaitali kuposa mmene mtima wanga ukanapirira, kenako anatchula ine.

Ndinathamangira kukachipinda kuja. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi akuti, "Shukran, zikomo ustadi. Mulungu akudalitseni." Iwo sanadzutse n'komwe mutu pa chimene ankapala. Anati, "Khalas, basi. Itsuke mfutiyo usanaiike, mchenga walowa."

Nditaitsuka ndinatuluka kukaima pamthunzi wa khoma n'kuimba foni kunyumba. Mkazi wanga anayankha ali kumunda, ndinamva mphepo ndi mawu a anthu patali. Sanadikire kuti ndilankhule.

"Mwapatsidwa tsiku? Mukufika liti?"

"Sindikubwera, mayi a ana. Ntchito ija ndaipeza. Mwana apite kusukulu."

Anati, "Mulungu ndi wabwino," ndipo ananena kawiri. Ndinamufotokozera za madala aja, za nyale ndi mafuta otentha, iye akungoti eya, eya. Anati ndikawathokozere m'malo mwa banja lonse, ndipo ngati kuli kotheka adzawatumizira mtedza wa chaka chino. Ndinati ndikawauza.

Nditatsala pang'ono kudula, anandiitananso.

"Bambo a ana, wamng'onoyu ndinali nditamuuza kale kuti mukubwera. Wakhala akusesa pakhomo m'mawa uliwonse. Muyimbenso madzulo, mumuuze nokha."