Kondakita Amakwera Pomaliza

Inu amene mukutumizirana kavidiyo ka Ba Fackson pa foni, manyazi akugwireni. Nanenso ndakaona. Mdala wa imvi akumenya chitseko chagalasi ndi zikhatho pa siteshoni ya sitima kudziko la kunja, alonda awiri akumukoka. Wina wopanda chochita wachita kuikamo nyimbo, ndipo komboni yonse ya Chawama ikuseka kuti mfumu ya mabasi yagonja ndi sitima. Ine ndakhala ndikugulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya mabasi a m'tauni kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana, ndiye munthuyu ndikumudziwa kuposa mafoni anuwo.

Ba Fackson anachokera ku Petauke ali mnyamata, nayamba ukondakita pa mabasi ang'onoang'ono a Chawama. Anzawo onse anakhala madalaivala, ena anagula mabasi awo, koma iwo anakalambira pakhomo la basi. Sikuti anali mngelo ayi. Pakamwa pawo panali pakuthwa, ndipo ankatha kupanikiza anthu anayi pampando wa anthu atatu osaphethira n'komwe. Koma lamulo la ntchito yawo ankalisunga ngati la m'Baibulo: kondakita salowa anthu asanathe. Amaima pakhomo, kukankhira mkati dengu la mayi uyu, kunyamulira mwana wa uyo, ndipo onse akakhala amamenya denga kawiri n'kudumphira basi ikuyenda kale. Dalaivala sangachoke asanamve dzanja limenelo.

Ndi dzanja lomwelo anaphunzitsa mwana wawo Belinda mpaka kukapeza ntchito ya unesi mumzinda wina waukulu wa kunja. Chaka chathachi Belinda anawaitana, iwo ndi akazi awo Ba Felistus, kuti akaone dziko. Ba Felistus amadwala shuga, miyendo imawatupa, ndipo Chingerezi chawo chimathera pa moni. Foni sayenda nayo, amati ya amuna awo imakwanira onse awiri.

Tsiku lina Belinda ali kuntchito, anawasiyira makadi okwerera sitima ya mumzinda, ija yothamanga ndi magetsi, kuti akaone msika. Apa ndiye ndimakwiyira mwana uja. Anawauza mtundu wa njanji, dzina la potsikira, zonse. Koma sanawauze chinthu chimodzi chimene bambo ake ankafunika kumva, kuti sitimayo ilibe dalaivala ndipo zitseko zake zimatsekeka zokha.

Sitima itafika, Ba Fackson anachita zimene manja awo anazolowera.

"Ngenani, Bamake Belinda, mupeze pokhala," anatero, n'kuwagwira mkono mpaka alowe.

Kumbuyo kunali mayi wina wa kangolo ka mwana. Anamuthandiza kukweza. Kenaka nkhalamba ya ndodo, nayonso anaipatsa njira. Iwo ali chiimire panja, akuyang'ana uku ndi uku ngati palibenso wotsala. Kabelu kanalira, iwo osakalabadira, chifukwa pamoyo wawo wonse galimoto sinachokepo iwo asanailole. Zitseko zinakumana pamphuno pawo. Anaona nkhope ya akazi awo kuseri kwa galasi, pakamwa pali yasa, kenaka sitima inapita.

Apo m'pamene kavidiyo kanu kakuyambira. Mukuseka munthu amene akumenya galasi la pasiteshoni lotchinga njanji kawiri, kawirinso, poganiza kuti kutsogolo kuli munthu wa makutu amene aime. Mawu amene nyimbo yanu yaphimba ndi awa, anandiuza okha: "Imilila, iwe! Muli mukazi wanga umo, alibe foni!"

Alonda anawatengera m'kachipinda ngati chidakwa. Iwo akulankhula Chinyanja, Chingerezi, ngakhale Chibemba, koma alonda ena maso ali pa galasi kuona ngati lasweka. Munthu mmodzi watayika mumzinda umene sadziwa ngakhale dzina la msewu wa mwana wake, mankhwala ake ali m'thumba la jekete la mwamuna wake, ndipo anthu akuluakulu a yunifolomu akupukuta galasi! Kuno kwathu timatukwanana pa basi tsiku ndi tsiku, inde, koma mayi wachikulire akasiyana ndi mnzake, siteshoni yonse imadzuka, mpaka anyamata oitanira anthu amathamangira basiyo.

Zinthu zinayamba kuyenda Ba Fackson ataimbira foni Belinda, iye n'kulankhula ndi mkulu wa alondawo. Alonda anayamba kufunsa ku masiteshoni a kutsogolo. Ba Fackson akuti anakhala pampando wapulasitiki akuganiza za mmene akafotokozere abale a ku Petauke kuti mkazi anamukweza yekha ndi manja ake. Patapita nthawi yaitali, uthenga unabwera kuti pa siteshoni yotsatira pali mayi wovala chitenje amene akukana kukhala pansi.

Anawakweza Ba Fackson sitima ina, mlonda ali pambali. Ulendo uno mlondayo anachita kuwakankhira mkati poyamba.

Ba Felistus anali atatsika pamalo oyamba pamene sitima inaima. Mipando inalipo, anthu anawalozera, koma iwo anakana. Anaima m'mphepete ndi miyendo yotupayo, ndipo sitima iliyonse ikamatulukira ankaikweza dzanja kuiimitsa, monga timachitira pa msewu wa Kafue. Ikaima, ankayenda chitseko ndi chitseko kusuzumira. Ikapita, ankabwerera pamalo pawo kudikira ina. Zimenezi palibe anazijambula, poti sizoseketsa mokwanira.

Ba Fackson atatsika anawapeza dzanja lili m'mwamba, milomo itauma gwa. Anayamba kupepesa. Ba Felistus sanakalipe. Anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono, n'kugwira malaya a amuna awo pachifuwa.

"Sitima zonse zenze kuimilila, Batate bake Belinda," anatero. "Koma imwe munalibemo."