Kavalo wa sopo m'dzanja lanu

Achimwene, lero chakwana chaka chitisiyireni. Chithunzi chanu chooneka bwino tili nacho chimodzi chokha, chija anakujambulani kundende mukusewera tchesi. Amayi akuti ndikamachiika pa intaneti pano ndidule malaya aukaidiwo, itsale nkhope yokha.

Tsiku limenelo ndinali nditakubweretserani chinangwa ndi mapeyala kuchokera kwa Chonde, ndiye zonse ndinkaonera pawaya. Kunabwera mayi wina wojambula akaidi osewera tchesi, ndipo asanajambule aliyense ankayamba wamupempha chilolezo. Anzanu ambiri anati awajambule manja okha. Inu munakonza kolala n'kunena kuti, "Mayi, tengani ndi nkhope yomwe. Kwathu amandidziwa ndi mbuzi za eni, aoneko kuti mutuwu umagwiranso ntchito zina." Kenako munanyamula kavalo wa tchesi wosema pa sopo, n'kumugwira m'mwamba mpaka mayiyo atamaliza. Ine munangondiuza kuti, "Dikira iwe, chinangwa sichithawa."

Mpaka pano sindidziwa amene anakuphunzitsani, inu amene ngakhale pa bawo munkangodyedwa. Sabata yatha ndinaonetsa chithunzichi kwa aphunzitsi ena odziwa masewerawa. Anachiyang'anitsitsa, n'kundiuza kuti kulikonse kumene mukanamuika kavaloyo, munali mutaluza kale. Kodi munkadziwa, achimwene? Poti nkhopeyo ndi ya munthu woti wapambana. Ndachiika chonse osadula kanthu, chifukwa mwiniwakenu munavomera ndikumva. Amayi ndikawafotokozera ndekha.